Kodi Chifundo Chiyenera Kuyenda ndi Phokoso?

Ife amene tidakulira m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tikumbukira bwino kulira kwa mthuthuthu. Masiku amenewo njinga yamoto idali chinthu chosowa, ndipo ikamveka kutsidya kwa dambo, aliyense ankadziwiratu kuti akubwerayo ndi bambo mfumu odzachita Misa, kapena mlangizi wa zaulimi, kapenanso wazaumoyo. Anafe tinkasiya mbuzi kubusa nkuthamangira kumsewu, fumbi lili koboo, kuti tikangoona chabe. Lero zinthu zidasintha. Pa Mponela, pa Madisi, pa Malomo ndi pa Boma la Dowa njinga zamoto za kabaza zangoti mbwee, ndipo ndizo zimanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala, thumba la feteleza kupita nalo kumunda, ngakhalenso mphunzitsi amene wachedwa kusukulu. Kulira kwake sikutembenuzanso khosi la munthu wamkulu. Koma mwana sadasinthe: akamva mthuthuthu, maso ake amautsata mpaka utazimirira kuseri kwa phiri.

Abale athu amene amapita kukagwira ntchito ku South Africa amabwerako ndi nkhani ya mwambo wina umene udatipatsa maganizo. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa mwezi wa Novembala, anthu okwera njinga zamoto amasonkhana m'mizinda, aliyense atamangirira chidole pa njinga yake, nayenda pa mdipiti wautali kufikira pamalo amene adapangana. Pamenepo amatula zidolezo, ndipo zimagawidwa kwa ana amasiye, ana ogonekedwa m'zipatala ndi ana a m'mabanja osauka kuti nawonso aione Khrisimasi. Mwambowu amautcha Toy Run, kunena kuti ulendo wa zidole. Udayamba mu mzinda wa Cape Town, ndi kagulu ka anthu okonda njinga zamoto zopangidwa ku Italy, ndipo m'zaka zotsatira udafalikira m'mizinda ina, okwera nafika zikwizikwi. Ku Australia ndi ku England nakonso kuli maulendo otere.

Tsono tiyerekeze kuti achinyamata a m'maparishi mwathu muno, a ku Mtengowanthenga, a ku Nambuma ndi a ku Mpherere, atagwirizana ndi anyamata a kabaza, abwera kwa akuluakulu a mpingo nanena kuti: "Nafenso tifuna kuchita chomwecho Khrisimasi isanafike. Tinyamuke pa Mponela, tikwere mapiri, tikapereke zidole kwa ana." Kodi tiwayankhe chiyani? Funsoli likuoneka laling'ono, koma m'kati mwake muli nkhani imene ikhudza banja lililonse lachikhristu: kodi mphatso yeniyeni njotani, ndipo iperekedwe motani kuti woilandira asachepe nayo?

Chidole sichidyedwa

Woyamba kuimirira pa bwalo adzakhala gogo wina wanzeru, ndipo mawu ake sitingawapeputse. Adzati: "Ana inu, mwezi wa Disembala uno nkhokwe zayamba kuoneka pansi. Chimanga m'munda sichinafike ndi m'maondo momwe. Petulo amene mutenthe pokwera mapiriwo akadagula ufa wa mabanja angati? Kodi mwana wogona ndi njala adzatafuna chidole?" Kunena zoona, kuyambira Disembala mpaka Malichi ndiyo nyengo imene mabanja ambiri kwathu kuno amadya kamodzi pa tsiku, makolo ali pa ganyu m'minda ya ena. Amene adaona njala ya 2002 sangaseke funso la gogoyu. Kalata ya Yakobe Woyera nayonso imatichenjeza kuti kufunira mafuno abwino munthu wausiwa ndi wanjala, osampatsa zimene thupi lake likusowa, nkutaya mawu chabe. Pamene pali mwana wanjala, phala ndilo liyambe. Pamenepa palibe chokangana.

Komabe taonani chimene adaphunzira anthu amene ntchito yawo ndi kusamala ana onyentchera. M'boma la Dowa momwemuno, m'chaka chanjala cha 2002, mudayesedwa njira yatsopano yochizira ana operewera zakudya m'thupi ali kwawo komweko, powapatsa chiponde, m'malo mowagoneka onse m'chipatala. Ndipo njirayo idafalikira m'dziko lonse lino ndi m'maiko ena. Anthu amenewa amadziwa za njala kuposa ife. Koma malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, pofotokoza mfundo khumi zosamalira mwana wonyentchera kwambiri, satchula mkaka, mankhwala ndi kumfunditsa kokha ayi. Amatchulanso kusewera naye mwanayo, kumuyankhula ndi kumuonetsa chikondi. Anamwino adzakuuzani kuti mwana amene adangoti zii, osalira, osaseka, akayamba kumwetulira ndi kutambasula dzanja kuti agwire kanthu, ndiye kuti moyo ukubwerera. Kusewera tsono ndi gawo la kuchira kwake, monga momwe lilili phala.

Mpingo udazindikira zimenezi kalekale. Yohane Bosko Woyera, wansembe wa ku Turin amene adamwalira mu 1888, atasonkhanitsa anyamata osauka a m'misewu ya mzindawo, adawapatsa chakudya, pogona ndi ntchito zamanja, koma sadaiwale bwalo la masewero. Adafuna kuti likhale pafupi ndi tchalitchi ndi kalasi, ndipo iye mwini ankasewera nawo. Maiko a dziko lapansi nawonso, mu pangano lawo la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, adalemba kuti mwana ali ndi ufulu wopuma ndi wosewera. Tikumbukirenso za ku Betaniya, pamene Mariya adadzoza Ambuye mafuta onunkhira a mtengo wapatali, Yudasi nadandaula kuti ndalama zake zikadathandiza amphawi. Ambuye adaikira kumbuyo mayiyo. Pali mphatso zina zimene sitingaziyese pa sikelo ya chimanga, chifukwa ntchito yake ndi kuuza munthu kuti ali ndi mtengo woposa mimba yake. Mwana amene moyo wake wonse wangolandira zinthu zomupulumutsa ku imfa, tsiku limene alandira chinthu chongomusangalatsa, amamva mumtima mwake kuti wina wamuona monga mwana, monga amaonera ana ake omwe. Gogo uja tingamuyankhe mwaulemu kuti: pa njinga imodzi pangakwere thumba la ufa wa likuni phala ndi mpira womwe.

Lipenga ndi belu

Wachiwiri kuimirira adzakhala katekisti, Buku Loyera lili m'manja. Iye adzatikumbutsa mutu 6 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, pamene Ambuye adaletsa kuliza lipenga popereka zachifundo, nalangiza kuti chopereka chikhale chobisika, chodziwika kwa Atate okha. Ndipo adzafunsa kuti: kodi pali lipenga lina loposa njinga zamoto makumi asanu zolira pamodzi, mahutala ali pipiii, anthu ataima m'mbali mwa msewu kuomba m'manja? Funso limeneli ndi lolasa, ndipo lilasa malo oyenera. Tonsefe timadziwa kukoma kwa kutamandidwa. Masiku ano vutoli lakula, popeza aliyense ali ndi foni yojambulira. Mwana amaimikidwa atagwira mphatso, malaya ong'ambika ali poyera, chithunzi chake nkuikidwa pa Facebook kuti dziko lonse lione ubwino wa woperekayo. Mwanayo sadafunsidwe, mayi wake sadafunsidwe. Pamenepo tagula mbiri yathu ndi umphawi wa mwana wa mnzathu, ndipo mtengo wake ndi chidole cha pulasitiki. Akulu adati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Koma Mthenga Wabwino womwewo, mu mutu 5, umafanizira ophunzira ndi nyale imene siyenera kuvundikiridwa, kuti anthu poona ntchito zabwino alemekeze Mulungu. Augustino Woyera, posinkhasinkha malangizo awiriwa, adaona kuti satsutsana: nkhani yagona pa cholinga cha mtima, ndiko kuti ulemuwo tifuna upite kwa yani. Ife tingalongosole chomwecho ndi zinthu zimene timazimva sabata ndi sabata. Belu la tchalitchi limalira kwambiri, mpaka kumveka midzi itatu kapena inayi, koma palibe amene amapita kukagwadira belu. Ilo limaitana anthu, kenaka limakhala chete kuti Misa iyambe. Lipenga la wonyada limalira kuti anthu ayang'ane woliza. Phokoso la ulendo wa zidole lingakhale belu, ngati lidzutsa wamalonda wa pa Mponela amene sadaganizepo za ana amasiye, ngati likumbutsa mlimi wa fodya kapena wa soya amene adakolola bwino kuti kuseri kwa phiri kuli ana amene Khrisimasi imangowadutsa. Munthu mmodzi wopereka mobisa amathandiza mwana mmodzi. Gulu loyenda poyera lingakoke anthu mazana amene paokha sakadapereka. Mutu umodzi susenza denga.

Palinso china chimene sitiyenera kuchinyalanyaza. Anyamata a kabaza ndi anthu amene timawanena zambiri: ati ngothamanga, ati ngamwano, ati ndiwo achulukitsa ngozi pamsewu. Ambiri a iwo njinga si yawo, ndipo madzulo amakatula ndalama kwa mwini wake, iwo nkutsala ndi zochepa. Mnyamata wotere akapereka tsiku lake lathunthu, petulo wake ndi ndalama zimene akadapeza pa tsikulo, wafanana ndi mayi wamasiye uja wa ku Nyumba ya Mulungu amene adaponya timakobiri tiwiri. Munthu wosauka nayenso ali ndi ufulu wokhala wopereka, ndipo mpingo umene umangomuona ngati wolandira kapena wodzudzulidwa umamulanda ulemu wake. Komatu ulendo wachifundo usasanduke mpikisano wa liwiro. Lamulo lachisanu limagwira ntchito ndi pamsewu pomwe. Chisoti chikhale kumutu, mowa utalikire, apolisi apamsewu adziwitsidwe. Kungakhale kupusa kwakukulu kupita kukasangalatsa ana amasiye, pobwerera nkuwonjezera chiwerengero chawo.

Galimoto yamawaya

Koma pali munthu wachitatu amene sadzaimirira pa bwalo, chifukwa palibe amene amamufunsa, ndiye mwana mwini wake. Tikadamufunsa, akadatitengera kuseri kwa nyumba nkutionetsa chuma chake. Ali ndi galimoto yamawaya imene adaipinda yekha ndi manja ake, matayala ake a zitsekerero za mabotolo kapena a nkhwaira zakutha, chiwongolero chake chachitali chofika m'chiuno. Ali ndi mpira wachikulunga wa mapepala apulasitiki womangidwa ndi luzi. Ali ndi ng'ombe zadothi zimene adaumba kudambo, ndi nguli imene amaikwapula pabwalo. Mlongo wake ali ndi mwana wa chitsononkho womubereka kumbuyo, ali ndi miyala ya phada, ndipo amadziwa kuphika masanje. Mwana wa m'mapiri athu sali wopanda zoseweretsa. Iye ndi mmisiri. Mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, amene adakhalako kuno ku Malawi, adachita chidwi ndi luso limeneli kotero kuti mu 1990 adatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, ndipo ana a maiko akutali adadziwa mawu athuwa kudzera m'bukulo.

Tsono tisamale. Tikafika ndi galimoto yonyezimira ya m'sitolo, yoyendera mabatire amene bambo wake sangagule, mwanayo adzaikonda masiku atatu. Ikathyoka, adzatsala ndi phunziro loipa, lakuti chimene adapanga yekha chidali chachabechabe ndipo zabwino zimachokera kwa alendo. Tikapereka chidole chimodzi pakati pa ana khumi, tabzala nsanje pamene padali chimvano. Mphatso yanzeru ndi imene imawonjezera pa zimene mwana ali nazo kale: mpira umene ungasonkhanitse ana makumi awiri, chingwe cha jingo, makrayoni ndi mapepala, waya wabwino ndi kapulayala kwa mmisiri wamng'ono uja. Zina tingagule kwa amisiri a m'misika mwathu momwemo, amene amasema ndi kusoka, kuti ndalamayo idyetsenso banja lina. Ndipo bwanji osapempha ana a m'maparishi mwathu kuti apange okha zoseweretsa zopatsa anzawo? Umenewo ndiwo mzimu wa bungwe la Utumiki wa Ana, limene adaliyambitsa Episkopi Charles de Forbin-Janson wa ku France mu 1843, kuti ana azithandiza ana anzawo.

Kuseri kwa mwanayo kwaima kholo lake, ndipo nalonso lili ndi mtima. Palibe bambo amene amakondwa kuona mlendo akupatsa mwana wake, pamaso pa mudzi wonse, chinthu chimene iye walephera kugula. Mbiri yakale ya Nikolasi Woyera, Episkopi wa ku Myra, amene timamukumbukira pa 6 Disembala, imati atamva za bambo wina wosauka wa ana aakazi atatu, adapita usiku nkuponya ndalama pa zenera, kuti bamboyo asachite manyazi. Woyera ameneyu ndiye gwero la mwambo wa maiko ambiri wopatsa ana mphatso mobisa pa nyengo ino. Ifenso tingathe kupereka kudzera m'manja mwa makolo, mwa agogo olera ana amasiye, mwa atsogoleri a miphakati amene amadziwa khomo lililonse, kuti mwana alandire kuchokera kwa amene amamulera tsiku ndi tsiku.

Pamene injini yazima

Ana oti tiwayendere sali kutali. Pa Chezi, m'mbali mwa msewu wa ku Salima, asisitere akhala akulera ana amasiye kwa zaka zambiri. Zipatala za mishoni za Madisi ndi Mtengowanthenga zili ndi ana amene Khrisimasi idzawapeza pa bedi. Ndipo pafupi ndi Boma la Dowa pali Dzaleka. Malo amenewa kale adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo mu 1994 adasandutsidwa msasa wa anthu othawa nkhondo. Adakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma pofika 2023 okhalamo adali atapitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo gawo lalikulu ndi ana. Ena mwa anawo adabadwira pomwepo, sadziwa mudzi wina. Banja Loyera nalonso lidathawira ku Ejipito ndi khanda m'manja. Munthu amene adakhalapo pansi nkumvetsera nkhani za mabanja amenewa sangayerekeze kutengera mwana wa ku Dzaleka mfuti yoseweretsa. Koma adzadziwa bwanji zimenezi ngati sadakhale pansi?

Apa ndipo pagona yankho lathu kwa achinyamata aja. Pitani, ndipo Mulungu akutsogolereni. Koma dziwani kuti ulendowo si mphatso ayi, ndi njira chabe yopitira kumene mphatso ikaperekedwe. Mlendo wothamanga amaponya katundu, najambula chithunzi, naliza injini, ana nkutsala akutsokomola fumbi. Inu mukafika, zimitsani injini. Vulani zisoti kuti ana aone nkhope zanu. Lonjerani amfumu ndi makolo monga mwa mwambo wathu. Khalani pansi, funsani mwana dzina lake, mulole akuonetseni galimoto yake yamawaya ndipo muiyamikire, chifukwa njoyeneradi kuyamikira. Menyani naye mpira mwabweretsawo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo mudzabwerenso mu Febuluwale, pamene njala yafika pachimake, misewu ili matope okhaokha, popanda mdipiti, popanda oomba m'manja. Ulendo wachiwiriwo ndiwo udzaonetse ngati woyamba udali belu kapena lipenga.

Ifenso amene tilibe njinga yamoto nkhaniyi itikhudza. Banja lililonse lili ndi mwana woyandikana nalo amene chaka chino sadzavala chatsopano. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pogulira ana athu za Khrisimasi, tiwafunse iwo eni kuti mnzawo uti tingamuitane kudzadya nafe mpunga, ndipo ndi chiyani chimene iwo angagawane naye. Mwana amene waphunzira kupatsa ali wamng'ono sadzafuna lipenga atakula, pakuti m'mera mpoyamba.

Usiku wa ku Betelehemu kudali phokoso lalikulu kuthengo, pamene angelo adadzidzimutsa abusa ndi nyimbo zawo. Koma nyimbozo zitatha, abusawo adayenda wapansi, nalowa m'khola mwakachetechete, nawerama kuti aone Mwana amene adagonekedwa modyera ziweto. Mthuthuthu ulire m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, udzutse ogona. Koma pakhomo la mwana, tiyeni titsike, tiwerame.